Seed yatalika, adilesi ikukana kutuluka: momwe mungagwiritsire hash popanga PDA osadziwombera mwendo

Tsiku lina ndinakhala pa kompyuta mpaka maso kuwawa, ndimapanga kapulogalamu ka pa blockchain ya Solana kakuti munthu akatumiza ulalo, pulogalamuyo itsegule akaunti yosungira ulalowo, ndiye maganizo anga anali akuti ulalo womwewo ukhale seed basi, kutanthauza ma byte amene adilesi ya akauntiyo imawerengedwa kuchokera kwa iwo, kuti aliyense amene ali ndi ulalowo awerengere yekha adilesi osafunsa munthu kapena kufufuza mu database. Ma test onse ankadutsa bwinobwino chifukwa ndinkayesera timaulalo tatifupi ta bodza, koma nditangoika ulalo weniweni, wa mchira wautali uja, web3.js, library ya JavaScript yolumikizirana ndi Solana, inangondilavulira "Max seed length exceeded" ndipo ine ndinangoti kakasi. Ndiye ndati ndilembe zimene ndinaphunzira pamenepo ndi pambuyo pake, chifukwa error imeneyo ndi yaing'ono, zazikulu zimabwera mukayamba kuikonza mwachangu.

Choyamba tigwirizane kuti PDA ndi chani, mwachidule. Pa Solana pulogalamu siisunga deta mkati mwake, deta imakhala mu ma akaunti ena, ndipo pulogalamu imafunika ma adilesi amene iyo yokha ndi imene ingawasainire, amenewa ndi ma PDA, kapena kuti Program Derived Address. Ndiye amatenga ma seed amene inu mwasankha, kuwalumikiza motsatana, kuwonjezera byte imodzi yotchedwa bump, kenako program id yomwe ndi adilesi ya pulogalamuyo, kenako mawu akuti "ProgramDerivedAddress", zonsezo kuziponya mu SHA-256, njira yopangira hash, chidindo chachifupi cha deta iliyonse. Chotuluka ndi ma byte 32. Ma byte amenewa akagwera pa curve ya ed25519 ndiye kuti pakhoza kukhala private key yake, zomwe sitikuzifuna, ndiye amatsitsa bump ndi imodzi nkuyesanso. Amayambira pa 255 kumatsika, ndipo yoyamba kugwera kunja kwa curve ndi imene timaitcha canonical bump. Mwayi wogwera kunja ndi pafupifupi theka pa kuyesa kulikonse, nchifukwa chake ma bump ambiri mumawaona ali 255, 254, 253 chamomwemo.

Malamulo ake ndi awiri ndipo sakambirana: seed imodzi isapitirire ma byte 32, ndipo ma seed onse asapitirire 16, bump ikuwerengedwa momwemo, kutanthauza kuti anuanu ndi 15. Public key ndi ma byte 32 ndendende, nchifukwa chake imakwana ngati anaipimira. Koma ulalo, mutu wa nkhani, dzina lalitali, imelo, zimenezi zimasefukira.

Apa munthu akamafulumira amangoti aaa ndingodula, nditenge ma byte 32 oyambirira basi. Musachite zimenezo abale. Tengani maulalo awiri a webusayiti imodzi, onse akuyamba ndi https://www. kenako dzina la webusayiti kenako chikwatu chimodzi, pofika pamene akusiyana ma byte 32 anatha kalekale, ndiye maulalo awiri osiyana akupereka adilesi imodzi, woyamba atsegula akaunti, wachiwiri auzidwa kuti "already in use" ndipo sadzatha kutsegula yake mpaka kalekale. Ena amati ndigawe m'zidutswa za 32, 32, zikhale ma seed angapo, zimatheka ndithu mpaka ma byte 480 ngati palibe seed ina, koma mwangosunthira khoma patsogolo pang'ono, komanso mwadzipatsa ntchito yowerenga zidutswa mbali zonse ziwiri. Hash imathetsa nkhani: kaya mwaipatsa chilembo chimodzi kaya ndime yonse, SHA-256 imabweza ma byte 32, osachepera osapitirira, ndipo kusintha kachilembo kamodzi kumasintha chotuluka chonse.

Si nzeru zanga izi. SPL Name Service, yomwe ili pansi pa mayina a .sol aja, imachita zomwezi, imatenga mawu akuti "SPL Name Service" nkuwaphatikiza kutsogolo kwa dzinalo, nkupanga hash, ndipo hash imeneyo ndi imene imakhala seed pamodzi ndi class ndi parent.

Mu Anchor, framework ya Rust yolembera mapulogalamu a Solana, zimaoneka chonchi:

```
#[derive(Accounts)]
#[instruction(ulalo: String)]
pub struct Lemba<'info> {
    #[account(
        init,
        payer = mwini,
        space = 8 + 32 + 1 + 4 + 200,
        seeds = [
            b"ulalo".as_ref(),
            mwini.key().as_ref(),
            hash(ulalo.as_bytes()).to_bytes().as_ref()
        ],
        bump
    )]
    pub cholemba: Account<'info, Cholemba>,
    #[account(mut)]
    pub mwini: Signer<'info>,
    pub system_program: Program<'info, System>,
}
```

Hash imene ili apayi ndi ya mu solana_program ija, yomwe ndi SHA-256. Mzere wa instruction pamwambapo ndi umene ukulola kuti argument ioneke mkati mwa ma seed, ndipo ma argument muwalembe mu ndondomeko yomwe ali mu function, mukawasokoneza Anchor iwerenga ma byte olakwika osakuuzani bwinobwino chavuta ndi chani. Pa space ndasiya malo a ma byte 200 a ulalo, ndiye mkati mwa function muikenso require yokana chilichonse chopitirira pamenepo, hash sikuletsani kutalika koma akaunti ikuletsani.

Mbali ya client, code ya kunja kwa chain imene imatumiza ma transaction, mu Node:

```
const h = createHash("sha256").update(ulalo, "utf8").digest();
const [adilesi, bump] = PublicKey.findProgramAddressSync(
  [Buffer.from("ulalo"), mwini.toBuffer(), h],
  programId
);
```

Yang'anitsitsani pa digest paja, mulibe kanthu mkati, ndipo ndi dala. Apa ndi pamene ndinagwa kachiwiri usiku womwe uja. Tinazolowera kuona hash ili mu hex, ndiye dzanja limangolemba lokha "hex" mu digest, chotuluka nkukhala zilembo 64, ndipo zilembo 64 mukazisandutsa Buffer ndi ma byte 64, error yomweija yabweranso. Ine mwanzeru zanga za pakati pa usiku ndinadula hex ija pakati kuti ikwane 32, error inachoka, ndinasangalala, kenako pulogalamu inandibwezera ConstraintSeeds, nambala 2006, "A seeds constraint was violated", chifukwa iyo ikuwerengera ndi ma byte enieni 32 pomwe ine ndikutumiza zilembo za theka la hash. Hex ndi chovala chabe cha pa screen, base58 nayonso chimodzimodzi, seed imafuna thupi lenilenilo, ma byte osavala kanthu.

Musanapite patali yesani kachinthu aka. Ponyani mawu akuti abc mu hash ya client yanu ndi ya mu Rust test, zonse zikuyenera kuyamba ndi ba7816bf nkuthera f20015ad. Zikasiyana musavutike kuyang'ana kwina, vuto lili pompo. Ndipo error ya 2006 ikabwera, log ya Anchor imasonyeza Left ndi Right, ma adilesi awiri amene akukana kufanana, ndiye chitani print seed iliyonse payokha mbali zonse ziwiri, kutalika kwake ndi hex yake, mupeza wolakwa mu mphindi zochepa. Kungoyang'ana ma adilesi awiriwo sikungakuuzeni kanthu chifukwa kulakwa kwa byte imodzi ndi kulakwa kwa ma byte onse kumaoneka chimodzimodzi.

Tsopano nkhani imene ine ndimaiona yaikulu kuposa zonse, ndipo anthu amaidumpha: kodi mukuponya chani kwenikweni mu hash? Munthu amaona mawu, hash imaona ma byte, ndipo mawu awiri ooneka ofanana m'maso akhoza kukhala ma byte osiyana. Chitsanzo tili nacho m'chilankhulo chathu chomwe, chilembo cha ŵ. Mu UTF-8 chikhoza kulembedwa ngati chilembo chimodzi, U+0175, chomwe ndi ma byte awiri, C5 B5, koma chikhozanso kulembedwa ngati w wamba kutsatana ndi kachipewa kapadera, U+0302, zomwe ndi ma byte atatu, 77 CC 82. Pa screen palibe amene angasiyanitse. Munthu mmodzi alemba dzina pa foni, wina achita copy kuchokera mu fayilo, onse akulumbira kuti alemba chimodzimodzi, koma ma hash ndi awiri, ma adilesi awiri, ma akaunti awiri, ndipo wina akudandaula kuti zinthu zake zasowa pomwe zili phee pa adilesi ina. Mankhwala ake ndi normalize, kusandutsa mawu onse kukhala kalembedwe kamodzi ka ma byte, mu JavaScript muli normalize ya NFC, muiyendetse musanapange hash. Zomwezonso ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono, space ya kumapeto imene kiyibodi ya foni imakonda kuika yokha, slash ya kumapeto kwa ulalo, http ndi https. Khalani pansi musankhe lamulo limodzi, mulilembe penapake, ndipo function yokonza mawuyo ikhale imodzi yomwe aliyense akuitana.

Koma dziwani kuti client si mlonda. Munthu wina akhoza kulemba client yakeyake nkutumiza chilichonse, ndiye ngati cholinga chanu nchakuti dzina limodzi likhale ndi akaunti imodzi yokha, pulogalamu ya pa chain ikuyenera kukana yokha mawu osakonzedwa. Kuchita normalize ya Unicode pa chain nkolemera, ndiye ambiri amangochepetsa zololedwa, mwachitsanzo a mpaka z zazing'ono, manambala ndi dash basi, china chilichonse require ikane. Zimamveka zankhanza koma zimakupulumutsaninso kwa akathyali olembetsa dzina lokhala ndi "a" ya Cyrillic yooneka ngati "a" yathuyi.

Manambala nawo ali ndi kamsampha kawo. Nambala 7 ngati mawu ndi byte imodzi, 37 mu hex, pomwe 7 ngati u64 ndi ma byte 8. Mu Rust anthu amagwiritsa to_le_bytes, ndiye ku client nakonso ikhale little endian ya ma byte 8, mu BN, library ya JavaScript ya manambala aakulu, ndi toArrayLike yokhala ndi "le" ndi 8. Ndipo nambala siifuna hash, imakwana kale, musamangoponya chilichonse mu hash ngati mwambo.

Chinanso chimene chimadabwitsa anthu: ma seed amalumikizidwa popanda malire pakati pawo. Seed "ab" kutsatana ndi "c" ikupereka adilesi yomweyo ndi "a" kutsatana ndi "bc", chifukwa SHA-256 ikuona abc basi. Ndiye mukakhala ndi ma seed awiri oyandikana amene kutalika kwawo kumasintha, ndipo onse akuchokera kwa wogwiritsa ntchito, munthu wochenjera akhoza kusuntha malire nkufika pa akaunti ya mnzake. Apa hash imathandizanso mwa njira ina, poti seed iliyonse ikakhala ma byte 32 ndendende malire sasunthika. Koma chenjerani kuti vutoli musangolisamutsira mkati mwa hash. Mukatenga dzina ndi gulu nkuziphatikiza kenako hash imodzi, kapena kuzipereka ku hashv zili zidutswa ziwiri, ndi abc yemweuja, hashv nayo imangolumikiza. Pangani hash ya chilichonse pachokha zikhale ma seed awiri, kapena ikani kutalika kwa chidutswa kutsogolo kwake musanaphatikize. Mawu a kutsogolo aja, "ulalo" mu chitsanzo changa, ntchito yawo ndi kulekanitsa mitundu ya ma akaunti mu pulogalamu imodzi, ndipo musasankhe ma prefix oti wina ndi chiyambi cha mnzake ngati chotsatira chake ndi mawu osintha kutalika.

Funso lotsatira ndi lakuti hash ipangidwire kuti, pa chain kapena pa client? Mu chitsanzo chapamwamba pulogalamu ikulandira ulalo nkudzipangira hash yokha, ndipo ine ndimakonda njira imeneyi chifukwa palibe mpata wonama. Njira ina ndi kutumiza hash ngati argument ya ma byte 32 nkuigwiritsa mu ma seed mwachindunji, zomwe zimaoneka zoyera mu code, koma ngati mukusunganso ulalowo mu akaunti ndiye pulogalamu ikuyenera kupanganso hash nkufananiza, apo ayi munthu atumiza hash ya ulalo wanu ndi mawu ake ena, akaunti nkukhala pa adilesi ya chinthu china ikunena zina. Pamene kutumiza hash yokha kuli koyenera ndi pa zinthu zazikulu ngati fayilo, poti transaction yonse ya Solana siipitirira ma byte 1232, fayilo singalowe. Pamenepo vomerezani kuti chain ikungosunga chidindo, siikudziwa chili kuseri, wotsimikiza ndi amene ali ndi fayiloyo m'manja.

Za compute, ntchito imene pulogalamu imaloledwa kugwira pa chain, musaope hash, ndi syscall, ntchito yomangidwa kale mu Solana, yotsika mtengo pa mawu afupiafupi. Chimene chimadya ndi kufunafuna bump, kuyesa kulikonse ndi ma compute unit 1500, pa bajeti ya 200,000 imene instruction imapatsidwa mukapanda kupempha ina. Ndiye pa init sungani bump mu akaunti, byte imodzi ija ndaisiyira malo mu space, ndipo mu ma instruction otsatira lembani bump = cholemba.bump kuti isafufuzenso. Koma bump yochokera kwa wogwiritsa ntchito musaikhulupirire pa kutsegula akaunti, chifukwa ma seed omwewo ali ndi ma bump ena ovomerezeka pansi pa canonical ija, munthu akhoza kutsegula ma akaunti angapo pomwe inu mumayesa ndi imodzi.

Mwina mwaona kuti ndaika key ya mwini mu ma seed. Chimenecho ndi chisankho, osati lamulo. Mukaika, munthu aliyense ali ndi akaunti yakeyake pa ulalo womwewo ndipo palibe angamulande malo. Mukachotsa, ulalo umodzi ndi akaunti imodzi pa pulogalamu yonse, wofika msanga ndiye mwini, ndipo poti adilesi imawerengeka pasadakhale, wina akhoza kukutsogolerani nkutenga dzina limene mumalifuna. Pa ntchito ngati kaundula wa mayina ndi mmene ziyenera kukhalira, koma pa zolemba za munthu payekha ndi kudziitanira mavuto.

Nanga chinsinsi? Apa ndinene mosapsatira, hash sibisa kanthu ngati chinthucho nchosavuta kulota. Ndimaona anthu akuti tapanga hash ya nambala ya foni kapena imelo ndiye palibe angadziwe, ayi, manambala a foni ndi owerengeka, kompyuta wamba iwayesa onse nkupeza adilesi ya aliyense. Komanso ngati mukutumiza mawuwo ngati argument, ali poyera mu transaction mpaka muyaya, hash kapena ayi. Kuphatikiza salt yachinsinsi yaitali, ma byte owonjezera musanapange hash, kumathandiza, koma mwataya ubwino uja wakuti aliyense awerengere yekha adilesi, ndipo salt ikatayika njira yobwerera ku adilesiyo yatsekeka pokhapokha munaisunga. Zinthu za anthu zenizeni ine ndimangoti zisayandikire n'komwe pa chain.

Kwa a Ethereum ndi ma chain ena a EVM, oyendetsa makontrakiti ngati Ethereum, nkhani ndi yomweyi yangovala malaya ena. Kumeneko kuli CREATE2, njira yopangira kontrakiti pa adilesi yodziwika pasadakhale, ya EIP-1014, yomwe inalowa ndi upgrade ya Constantinople mu February 2019. Adilesi ya kontrakiti yatsopano imachokera ku keccak256 ya byte 0xff, adilesi ya wopanga, salt ya ma byte 32, ndi keccak256 ya init code, code imene imapanga kontrakitiyo, nkutenga ma byte 20 omaliza. Salt ndi imodzi yokha, ndiye chilichonse chimene mukufuna chiyenera kupanikizidwa mu ma byte 32 amenewo, ndipo hash ndi njira yachibadwa. Uniswap V2, msika wosinthirana ma token, imapanga salt ya pair ndi keccak256 ya ma adilesi a ma token awiri, itawasanja kaye kuti wamng'ono atsogole, kuti A ndi B ipereke pair yomweyo ndi B ndi A. Kusanja kumeneko ndi normalize yomwe ija mu maonekedwe ena. Iwo amagwiritsa abi.encodePacked ndipo palibe vuto poti ma adilesi ndi ma byte 20 nthawi zonse, koma inu mukakhala ndi ma string awiri, encodePacked ikubweretserani abc uja, ndiye gwiritsani abi.encode yomwe imalemba kutalika. Kumbukiraninso kuti init code ikuphatikiza ma argument a constructor, ndipo kusintha version ya compiler kapena optimizer kumasintha bytecode, adilesi nkusamuka ngakhale salt ili yomweyo.

Kamsampha kotsiriza ka mbali imeneyi ndi dzina. Keccak256 ya Ethereum si SHA3-256 ya NIST, zimasiyana pa padding, ndiye mukalemba "sha3-256" mu crypto ya Node mupeza zina. Yesani ndi mawu opanda kanthu, keccak256 ikuyamba ndi c5d24601 pomwe SHA3-256 ikuyamba ndi a7ffc6f8. Pa Solana nakonso kuli module ya keccak pambali pa hash, ndiye ngati pulogalamu ikugwiritsa keccak koma client ikugwiritsa sha256, ndi 2006 ina imeneyo.

Musanachite deploy ku mainnet, tengani mawu ngati asanu ovuta, lalitali kwambiri, lopanda kanthu, lokhala ndi ŵ ya mitundu iwiri ija, lokhala ndi space kumapeto, muwerengere ma adilesi ake ndi program id yeniyeni nkuwalemba mu fayilo, ndipo test ya Rust ndi ya client zonse ziziwerenga fayilo imodzimodziyo. Chifukwa ma akaunti akangotsegulidwa, kaphikidwe ka ma seed kamauma pomwepo, mukadzasintha kenakake ngakhale kungowonjezera trim, ma akaunti akale amatsala pa ma adilesi akale ndi ma lamports awo a rent, tindalama ta SOL toikidwa potsegula akaunti, code yatsopano ikuwafunafuna kwina. Ine masiku ano prefix ndimailemba "ulalo_v1" kuyambira tsiku loyamba, kuti tsiku lodzasintha lamulo ndidzangotsegula v2 pambali nkulemba instruction yosamutsa imene ikudziwa kuwerengera ma adilesi onse awiri.